Phunziro: Momwe router imasankhira njira ya uthenga



Intaneti ikavuta pasukulu kapena mu ofesi, ambirife timafulumira kudandaula za kampani ya foni. Komatu nthawi zina vuto limakhala m'kabokosi kotchedwa router, kamene kamatumiza uthenga kuchoka pa netiweki ina kupita pa ina.

Kompyuta kapena foni iliyonse pa netiweki ili ndi adiresi ya IP, monga 192.168.1.10. Uthenga umayenda m'timapaketi, ndipo kapaketi kalikonse kamanyamula adiresi ya kumene kakupita. Router imawerenga adiresiyo n'kuyang'ana m'ndandanda wake wotchedwa routing table. Mzere uliwonse wa m'ndandandamu umanena zinthu ziwiri: netiweki yomwe uthenga ukupita, ndi chipangizo chotsatira choupatsira. Mizere iwiri ikagwirizana ndi adiresi imodzi, router imasankha womwe ukulozera malowo mwachindunji. Ikasowa mzere woyenera, imatsata wa 0.0.0.0/0, womwe umatulutsa uthenga kupita kunja. Kunjako, makampani a intaneti m'dziko muno amapatsirana uthenga pa Malawi Internet Exchange ku Blantyre, yomwe inayamba mu 2008.

Njira zina router imaziphunzira yokha kudzera mu OSPF kapena BGP. Zina amazilemba munthu, ndipo zimatchedwa static route. Tiyerekeze kuti ofesi ya mphunzitsi wamkulu ili pa 192.168.1.0, chipinda cha makompyuta chili pa 192.168.2.0, ndipo router ya chipindacho ili pa 192.168.1.2. Pa router ya Cisco ya ku ofesi timalemba:

ip route 192.168.2.0 255.255.255.0 192.168.1.2

Router inayo iyeneranso kudziwa njira yobwerera. Popanda imeneyo, uthenga upita koma yankho silibwera.

Static route ili ngati dalaivala wa thirakitala wa pa esiteti ya tiyi amene anauzidwa msewu umodzi wokha wopititsira masamba ku fakitale. Msewu uli bwino, palibe chovuta. Koma tonse tikukumbukira momwe namondwe wa Freddy anaonongera misewu ndi milatho m'chigawo chino mu March 2023. Dalaivala wanzeru amafunsa njira ina, pomwe static route siifunsa. Router ya patsogolo ikazima kapena ikasinthidwa adiresi, uthenga umangotumizidwabe komweko n'kutayika mpaka munthu atakonza mzerewo.

Choncho a komiti, amene mwamupatsa ntchito yosamalira makinawa azilemba m'buku static route iliyonse, tsiku lomwe anaiika ndi chifukwa chake. Bukulo ndi nambala yachinsinsi ya router zizisungidwa mu ofesi, zisakhale m'mutu mwa munthu mmodzi. Iye akasamuka osasiya zolembazo, sukulu idzalipira katswiri wochokera ku Limbe kuti ayambirenso ntchito yomwe inachitika kale, ndipo ndalamayo ndi ya makolo.

Ntchito ya ophunzira: pa kompyuta ya Windows tsegulani Command Prompt, lembani route print, ndipo pezani mzere wa 0.0.0.0. Koperani m'kope adiresi ili pansi pa mawu akuti Gateway, kenako fotokozani ntchito yake m'ziganizo ziwiri. Musasinthe kanthu kalikonse popanda chilolezo cha aphunzitsi.