CIKOMEKOME CA MKUYU: PHUNZIRO LA NCHITO ZONYENGA

Kuwerenga: Genesis 29:15-30, 31:4-9

Yakobo anatumikira Labani zaka 7 kuti akwatire Rakele, koma kutaca anapeza kuti wapatsidwa Leya. Pambuyo pace Labani anasintha malipiro ace kakhumi. Wonyengayo sanali mlendo ai, anali mtsibweni wace weniweni. Cotero Mau a Mulungu aonetsa kuti cinyengo ca pa nchito ncakale, ndipo kawirikawiri cifika ndi nkhope yodziwika.

Makolo a kwa Zingalume, kwa Mlolo ndi kwa Mwangala anacidziwa cimeneci. Popita ku Halale kukafuna ndalama za msonkho, ambiri anakomana m'njira ndi olemba anthu a bungwe la Rhodesia Native Labour Bureau, limene linayamba mu 1903. Analonjezedwa zokoma, koma anatumizidwa ku migodi imene ena onse anaikana. Anthu anaicha nchitoyo cibalo, ndipo ena sanabwerenso kwao.

Lero wolemba anthu wonama sadikiranso panjira; alowa m'nyumba kupyolera pa lamya. Mu 2022 Boma la Zambia linalemba aphunzitsi oposa 30,000 ndi anchito a zaumoyo oposa 11,000, ndipo malo amenewo sanali ogulitsa. Koma mbala zimakonda nyengo zotere. Uthenga ufika pa WhatsApp kapena pa Facebook wakuti dzina la mwana lasankhidwa, ingotsala ndalama ya fomu. Atate agulitsa mbuzi ndi matumba a nsawawa, natumiza ndalamazo pa lamya. M'mawa mwace nambala ija siyankhanso.

Coopsa coposa ndi ici: Chadiza ali m'malire a Mozambique, ndipo mseu wa ku Chanida utsikira ku Tete kufikira ku Joni. Mtsikana wolonjezedwa nchito ya m'nyumba kutali akhoza kulandidwa pasipoti, nauzidwa kuti ali ndi ngongole ya ulendo yosatha kubweza. Lamulo la Zambia la mu 2008 licha cimeneci kugulitsa anthu, ndipo cilango cace ndi ndende ya zaka zambiri.

Zizindikiro za msampha ndi izi:

1. Afuna ndalama nchito isanayambe. Nchito yoona ilipira wanchito, siilipiritsa.
2. Malipiro ndi akuru, koma safunsa za maphunziro kapena luso.
3. Afulumiza munthu, nati malo atha lero lomwe.
4. Amletsa kuuza makolo, mfumu kapena akulu a Mpingo.
5. Afuna nambala yacinsinsi ya ndalama za pa lamya, kapena kusunga citupa ca NRC ndi pasipoti.
6. Palibe kalata ya pangano yochula bwana, malo ndi malipiro.

Akulu anati, cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Wanzeru ang'amba cipatso asanadye. Nchito ikakhala ya uphunzitsi, afunse ku ofesi ya maphunziro pa boma la Chadiza. Ikakhala ya kampani kapena ya kunja kwa dziko, afunse ku ofesi ya za anchito ku Chipata. Ndalama ya basi ndi yocepa poyerekeza ndi ng'ombe yotayika.

Mpingo nawonso uli ndi udindo wace. Ambiri onyengedwa akhala cete cifukwa ca manyazi, ndipo kukhala cete kwaoko kupatsa mbala mpata wa kulowa m'mudzi wina. Wonyengedwa asasekedwe; akulu amperekeze ku polisi ndi nambala ija pamodzi ndi mauthenga onse. Ndipo Mkristu amene atumiza kwa anzace cilengezo cimene iye mwini sanacifufuze, adziwe kuti akhoza kukhala Labani kwa mbale wace.

Mafunso

1. Yakobo anakhulupirira Labani cifukwa ninji?
2. Mnyamata wa mu Mpingo uno akalandira uthenga wotere usiku, adzagogoda pa khomo la yani?