Magazi M'chimbudzi cha Mwana: Fufuzani za Kumtundu

Mwana akachita chimbudzi cha magazi timathamangira kunena kuti ndi kamwazi kapena likodzo, ndipo nthawi zambiri zimakhaladi choncho. Koma akamaliza mankhwala, magazi n'kumabwerabe, chonsecho sakutsegula m'mimba ndipo thupi silikutentha, bwererani naye kuchipatala. Mwina m'matumbo mwake mwamera timinofu tolendewera, timene madokotala amati ma polyp.

Kamodzi kokha sikaopsa kwenikweni. Akakachotsa, nkhani imathera pomwepo. Koma tikachuluka, kawirikawiri amakhala matenda akumtundu. Kholo limodzi likakhala nawo, mwana aliyense amene labereka ali pa chiopsezo cha 50 pa 100 choti atengere.

Tsono khalani pansi ndi agogo, amalume ndi azakhali. Funsani: ndani anachitidwapo opaleshoni ya matumbo? Ndani anadwala khansa ya m'matumbo asanafike zaka 50? Ndikutsindika izi chifukwa ambirife timawerenga mtundu kuchikazi kokha, pomwe matendawa amachokeranso kuchimuna. Akuluakulu ena sakonda kukamba za omwalira, ena amati anachita kulodzedwa. Musatsutsane nawo; ingofunsani mwaulemu mmene munthuyo ankadwalira, mulembe, mukamuonetse dokotala pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala.

Muyang'aneninso mwanayo pamalo owala. Timadontho takuda pamilomo, m'kati mwa masaya ndi m'zala ndi chizindikiro cha mtundu wa matendawa wotchedwa Peutz-Jeghers, ndipo ana otere amayamba kupimidwa matumbo akafika zaka 8. Zikhatho zoyezuka ndi kutopa msanga zimasonyeza kuti magazi akutha pang'onopang'ono. Mtundu wina, FAP, subwera ndi phokoso: timinofu mazanamazana timayamba kumera mwana akamasinkhuka, ndipo tikasiyidwa timasanduka khansa, nthawi zambiri munthu akamafika zaka 40. N'chifukwa chake ana a m'banja lotere amapimidwa kuyambira zaka 10 mpaka 14, ngakhale akuoneka athanzi. Abale ake a mwana wodwalayo nawonso asatsale.

Popima amalowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kudzera kotulukira chimbudzi. Pemphani kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe.

Mwana akayamba kupotokola m'mimba koopsa, n'kumasanza, mimba n'kufufuma, musadikire kuti kuche ndipo musam'mwetse mankhwala azitsamba kapena otsegula m'mimba. Kamnofu kakhoza kukoka thumbo n'kulilowetsa m'linzake, ndipo zikatero pamafunika dokotala wa opaleshoni tsiku lomwelo.