Za Kuthira Asidi mu Batire Louma

Ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu, eni magalimoto ndi anyamata a njinga zamoto za kabaza amalawirira m'mamawa kukafuna ndalama. M'miyezi ya June ndi July, pamene chisanu chili chambiri, injini zina zimakana kulira, pakuti batire lokalamba limafooka ndi kuzizira. Pamenepo mwini wake amapita kusitolo kukagula latsopano. Mabatire ena amabwera odzaza kale ndi omata, ndipo amenewo satsegulidwa. Koma ena amagulitsidwa ouma, asidi wake ali m'botolo lapadera, ndipo mmisiri ayenera kuthiramo yekha.

Batire la mtovu ndi asidi analipanga poyamba Gaston Planté wa ku France m'chaka cha 1859. Masiku akale oyendetsa ankaliza injini popukusa chitsulo ndi manja, ntchito yothyola mikono ya ambiri. M'chaka cha 1912 magalimoto a Cadillac ku America anayamba kutuluka ndi sitata ya magetsi, ndipo m'kupita kwa zaka batire linalowa m'galimoto iliyonse.

M'kati mwa batire la galimoto muli zipinda 6. M'chipinda chilichonse mwaimikidwa mbale zopyapyala za mtovu, zina zofiirira, zina zotuwa, ndipo pakati pake pali zotchinga kuti zisakhudzane. Chipinda chimodzi chimapatsa mavoti awiri ndi pang'ono, chotero zonse pamodzi zimapatsa mavoti 12.6 batire likakhala lodzala mphamvu. Mbalezo pazokha sizitulutsa magetsi. Zimafuna madzi a asidi wotchedwa salifiyuliki. Batire likamagwira ntchito, asidiyo amalowa m'mbale nasiya madzi ofooka. Likamatchajidwa, asidi amabwerera m'madzimo.

Nchifukwa ninji tsono opanga amatumiza batire louma? Katundu wofika ku Mzuzu amayenda ulendo wautali, wina kudzera kudoko la Dar es Salaam, nakhalanso miyezi m'sitolo. Batire lokhala ndi asidi limataya mphamvu pang'onopang'ono ngakhale lili chikhalire. Koma louma, mbale zake zitatchajidwa kale ndi kuumitsidwa, limasungika nthawi yaitali ngati zotsekera zake sizinachotsedwe. Moyo wake umayamba tsiku limene lalandira asidi.

Asidi wothira m'batire ndi wosakaniza kale: pa kulemera kwake, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndiye asidi, otsalawo ndi madzi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, koma lita ya asidi ameneyu imalemera pafupifupi makilogalamu 1.27. Mmisiri wanzeru amagula wosakaniza kale. Akafuna kusakaniza yekha, lamulo lake nlakuti asidi ndiye athiridwe m'madzi pang'onopang'ono. Madzi akathiridwa mu asidi wamphamvu amawira mwadzidzidzi nathovukira kumaso.

Ntchito yake imayenda motere. Mmisiri amaika batire pansi pamalo osalala, panja kapena popita mphepo, lisanalowe m'galimoto. Amavala magalasi oteteza maso ndi magolovesi a mphira, naika chidebe cha madzi pambali pake. Amachotsa zotsekera zonse 6, natsegulanso kabowo kopumira ngati kanali komata. Ndipo amatenga fanelo ya pulasitiki, osati yachitsulo, pakuti asidi amadya chitsulo, nathira m'chipinda chimodzichimodzi kufikira mbale zitamira ndipo asidi wafika pamzere wapamwamba. Sadzaza mpaka kukamwa, chifukwa asidi akatentha amakwera natayika.

Atatero amalisiya batire pafupifupi theka la ora kapena ora lathunthu. Pa nthawiyi limafunda, timathovu timatuluka, ndipo mbale zimamwa asidi monga dothi louma limwera mvula yoyamba. Asidi akatsika, mmisiri amaonjezera kufikira pamzere paja. Pambuyo pake amalitchaja pang'onopang'ono maora angapo, monga mwa malangizo olembedwa pabokosi lake. Apa mpamene ambiri amalakwa. Mnyamata wa kabaza, poona makasitomala akupita ndi anzake, amafuna kumanga batire pompo. Injini idzaliradi, koma batire losatchajidwa bwino pachiyambi silifika pa mphamvu yake yonse, ndipo limafa msanga. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Pomanga m'galimoto, waya wa chizindikiro cha + amayamba, wa − namalizira. Pomasula, wa − ndiye woyamba kuchoka.

Kuyambira tsiku limenelo batire silifunanso asidi wina. Chimene chimachepa m'kati mwake ndi madzi okha, ndipo obwezeramo ndi madzi a batire, amene anawiritsidwa nthunzi yake nkuigwira. Madzi a pachitsime kapena a pampopi, ngakhale aoneke oyera, ali ndi timchere toononga mbale.

Zoopsa zake nzitatu. Choyamba ndi asidi, amene amaoneka ngati madzi akumwa koma amaotcha khungu, kuboola malaya ndi kuchititsa khungu. Sayenera kusungidwa m'botolo la chakumwa, kapena pamene mwana angafikire. Akagwera pathupi kapena m'diso, pasambitsidwe ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kapena kupitirira, ndipo wovulalayo apite kuchipatala msanga. Wakumwa asidi asamsanzitse, pakuti asidiyo angaotchenso kummero pobwerera. Wotayikira pansi amaphedwa mphamvu ndi soda wophikira. Chachiwiri ndi mpweya wa haidirojeni, umene umatuluka potchaja. Suoneka, koma ukakumana ndi ndudu, kandulo kapena mbaula umaphulika nuswa batire. Chachitatu ndi mtovu, umene uli poizoni woononga ubongo wa ana. Batire lakufa lisaswedwe pabwalo, ngakhale kutayidwa kudambo, koma libwezedwe kwa ogula mabatire akale.

Ntchito imeneyi nja akulu. Mwana akaona mmisiri akuthira asidi, aimirire patali, ayang'ane, nafunse ntchito itatha. Ndipo m'nyumba zambiri mmene muli batire la sola, mwana wodziwa zimenezi akhoza kuletsa mng'ono wake kuseweretsa zotsekera, kapena kuchenjeza mlendo woyatsa machesi pafupi.

MAFUNSO

1. Nchifukwa ninji mabatire ena amagulitsidwa ouma?
2. M'batire la galimoto muli zipinda zingati, ndipo zonse zimapatsa mavoti angati?
3. Kodi mmisiri amachitanji atatha kuthira asidi, asanamange batire?
4. Madzi a m'batire akachepa, obwezeramo ndi otani?
5. Tchulani zoopsa zitatu za batire, ndi njira yozipewera.