Ndani Akukula Msanga, Toyota Kapena Makampani Atsopano?

Muulutsi: Lero makalata ambiri akunena za magalimoto, ndipo mlendo wathu amene amatsatira malonda amenewa wafika kale. Kalata yoyamba yachokera kwa aphunzitsi ena a ku Minga. Akuti: "Ndinawerenga pa foni kuti kampani ya ku China ya BYD inakula ndi 62 peresenti m'chaka chimodzi, pomwe Toyota inakula ndi 7 peresenti yokha. Kodi ndiye kuti Toyota yatha?"

Katswiri: Zikomo aphunzitsi. Manambala mwawerengawo ndi oona, ndi a chaka cha 2023. Koma peresenti ikabwera yokha, muziyamba mwafunsa kuti akuwerenga kuchokera pa zingati. Taganizani amayi awiri ogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu pa Nyimba pano. Wina mwezi watha anagulitsa mikoko 5, mwezi uno 10. Ameneyo wakula ndi 100 peresenti. Mnzake anagulitsa mikoko 60, mwezi uno 72, ndiye kuti 20 peresenti yokha. Komatu woyambayo wawonjezera mikoko 5, wachiwiriyu wawonjezera 12. Wamng'ono sachedwa kuwirikiza kawiri chifukwa wayambira pansi. Makampani ambiri atsopano amene mumamva akudzitama ndi 80 kapena 150 peresenti ali ngati mayi woyambayo.

Koma BYD musaiyike m'gulu limenelo, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Mu 2022 inagulitsa magalimoto 1.86 miliyoni, mu 2023 inafika pa 3.02 miliyoni. Inawonjezera magalimoto oposa 1.1 miliyoni. Toyota, tikaphatikiza Daihatsu ndi Hino zomwe nthawiyo zinali za m'banja lake, inachoka pa 10.5 miliyoni kufika pa 11.2 miliyoni, kuwonjezera pafupifupi 750,000. Ndiye chaka chimenecho BYD inapambana pa peresenti, inapambananso pa chiwerengero chenicheni cha magalimoto owonjezera. Zoterezi sizichitika kawirikawiri.

Tsono onani za 2024. BYD inagulitsa 4.27 miliyoni. Peresenti inatsika kufika pa 41, ndipo munthu wongoona peresenti anganene kuti yayamba kufooka, chonsecho magalimoto amene inawonjezera, pafupifupi 1.25 miliyoni, anali ochuluka kuposa a chaka chapitacho. Toyota chaka chomwecho inatsika kufika pa 10.8 miliyoni, mwa zina chifukwa mafakitale a Daihatsu anaima atapezeka kuti ankachita chinyengo poyesa chitetezo cha magalimoto. Ngakhale inatsika choncho, inakhalabe yoyamba padziko lonse, Volkswagen ikubwera pambuyo ndi 9 miliyoni. Pa magalimoto awiri alionse a BYD, Toyota inagulitsa asanu. Yatha? Ayi, aphunzitsi. Koma isagone. Nayonso inali yaing'ono pamene inkayamba mu 1937, ndipo mu 2008 inalanda mpando wa General Motors ya ku America imene inakhala patsogolo zaka zoposa 70. BYD inayamba mu 1995 ngati kampani yopanga mabatire ku Shenzhen, magalimoto inayamba mu 2003.

Muulutsi: Kalata yachiwiri ndi ya bambo woyendetsa takisi pakati pa tawuni ya Petauke ndi pamphambano ya msewu waukulu. Akuti: "Ngati makampani atsopanowo akukuladi, bwanji pamalo athu oimikapo pali ma Corolla, ma Spacio, ma Vitz ndi ma Noah okhaokha?"

Katswiri: Funso limeneli ndalikonda kwambiri, bambo, chifukwa mwafunsa zimene maso anu akuona. Manambala ndatchula aja ndi a magalimoto atsopano, ochoka m'fakitale. Ife kuno ambiri timagula akale ochokera ku Japan, kudzera kwa ogulitsa ngati BE FORWARD ndi SBT. Amatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde, ena amadzera ku Durban. Ku Japan galimoto yatsopano ikakwanitsa zaka zitatu imapita kukayesedwa, kenako pakatha zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyesako n'kodula, ndiye eni ake amaigulitsa idakali yabwinobwino. Choncho zimene mukuona pamalo anuwo ndi zimene anthu a ku Japan ankagula zaka khumi kapena kuposerapo zapitazo. Msika wathu umayenda pambuyo.

Palinso nkhani ya chiwongolero. Ku Japan amayenda kumanzere kwa msewu ngati ife, chiwongolero chili kumanja. Ku China amayenda kumanja, chiwongolero chili kumanzere. Ndiye galimoto yakale ya ku Shenzhen siingabwere n'kulowa pamsewu wathu mosavuta ngati ya ku Nagoya. Za ku China zoyenera ife ndi zimene amapangira dala mayiko ngati South Africa, Thailand ndi Australia, ndipo zimenezo sizinakalambe mokwanira kuti zitsike mtengo.

Koma bambo, mawa mukaima pamphambano paja, musayang'ane magalimoto ang'onoang'ono okha. Werengani mabasi a Lusaka ndi Chipata. Kale tinkadziwa Scania, lero muona Yutong, Higer ndi Zhongtong. Werengani malole okwera mapiri a pakati pa mlatho wa Luangwa ndi Kacholola, mupeza Howo ndi Shacman. Eni mabasi ndi malole nthawi zambiri amagula atsopano, ndiye kusintha kunayambira kwa iwo. Makampani a ku China afika kale pa Great East Road, kungoti analowera ku zikuluzikulu.

Muulutsi: Amayi ena a m'dera la Mfumu Ndake alemba kuti amagula nsawawa ndi chimanga m'midzi, ndipo asunga ndalama yogulira galimoto yonyamula katundu. Wogulitsa wina wawauza kuti atenge ya kampani yatsopano chifukwa ndi yotsika mtengo komanso ikugulidwa kwambiri. Akufunsa kuti atani.

Katswiri: Amayi, ndalama yosunga pang'onopang'ono chotere ndi thukuta, ndipo sindikufuna ipite pachabe. Mawu akuti "ikugulidwa kwambiri" asakutengeni mtima. Ikugulidwa kuti? Ndi angati? Kukula kwa kampani ku Shanghai kapena ku Johannesburg sikungakuthandizeni tsiku limene sipuling'i yathyoka muli pakati pa mudzi, matumba ali pamwamba, mvula ikubwera.

Musanapereke ngwee, pitani kwa amakaniko amene mumawadalira pa Nyimba, muwatchulire dzina la galimotoyo, muone ngati anaitsegulapo injini. Kenako lowani m'sitolo ya masipeya, mufunse zinthu zimene zimatha msanga: mabuleki, fyuluta ya dizilo, kilachi. Akakuuzani kuti zilipo pashelefu, ndi bwino. Akati mpaka aitanitse ku Lusaka, funsani kuti masiku angati. Akati ku South Africa, ganizani kawiri, chifukwa nyengo yogula mbewu ndi yaifupi ndipo galimoto ikagona milungu itatu anzanu atha kale nsawawa zonse. Mufunsenso kuti mukadzafuna kuigulitsa adzaigula ndani. Canter kapena Hilux yakale imapeza wogula msanga chifukwa aliyense amaidziwa.

Sindikunena kuti zonse za makampani ang'onoang'ono n'zoipa. Isuzu ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi Toyota, koma magalimoto ake ndi olimba, D-Max amaipangira ku Gqeberha ku South Africa. Mahindra ya ku India yakhala ikulumikiza magalimoto ake ku Durban kuyambira 2018, ndiye masipeya sali kutsidya la nyanja. Chimene ndikukana n'kugula chifukwa cha kutchuka kwa lero. Akuluakulu akukumbukira ma Fiat amene ankalumikizidwa ku Livingstone m'zaka za m'ma 1970. Anadzaza misewu ya Zambia, koma fakitale ija itatsekedwa anazimiririka.

Muulutsi: Nthawi yatithera, koma pali uthenga waufupi wa mnyamata wa ku Msanzala. Akufunsa ngati magalimoto onse a BYD ali a magetsi, komanso ngati angayende kuno.

Katswiri: Si onse, achimwene. BYD inasiya kupanga magalimoto a petulo yekha mu 2022, koma pa 4.27 miliyoni aja a 2024, a batire lokha anali pafupifupi 1.76 miliyoni. Otsalawo ambiri ali ndi batire komanso injini ya petulo. Tesla, imene imapanga a batire okhaokha, inagulitsa 1.79 miliyoni chaka chomwecho, kutsika pang'ono kuchoka pa 1.81 miliyoni. Kwa ife kuno, kuchoka pa Nyimba kukafika ku Lusaka ndi makilomita oposa 300, njira yake yamapiri, ndipo tonse tikukumbukira mmene magetsi ankazimira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. Ngati mukuilakalaka, yambani mwafufuza kumene muzikachaja, ndipo yang'anani kaye ya mitundu iwiriyo, yoti batire likatha injini imapitiriza ulendo.