Kodi Nibelungenlied Yeniyeni ndi Iti? Mtsutso wa Akatswiri pa Ndakatulo ya Ngwazi ya ku Germany

Mawu Oyamba

Nibelungenlied ndi ndakatulo yaitali ya ngwazi imene inalembedwa m'Chijeremani chakale cha m'ma 1200 ndi mlakatuli amene sanasiye dzina lake. Ili ndi mitu 39 komanso ndime pafupifupi 2,400 za mizere inayiinayi. Chimangirizo chino chikuunika funso limene akatswiri akhala akukanganirana kwa zaka zoposa 200: mwa mipukutu yolembedwa pamanja imene inatsala, ndi uti umene tingautche ndakatulo yeniyeni?

Nkhani Yake Mwachidule

Siegfried akwatira Kriemhild, mlongo wa Gunther, mfumu ya Aburgundi ku Worms. Hagen, nduna ya Gunther, abaya Siegfried kumsana pamene akumwa madzi pakasupe, kenaka amiza chuma chake mumtsinje wa Rhine. Kriemhild akwatiwanso ndi Etzel, mfumu ya Ahuni, ndipo aitanira abale ake kuphwando kumene onse aphedwa. Mwini wake adula mutu wa Hagen, nayenso aphedwa ndi Hildebrand. Gwero lina la nkhaniyi ndi kuwonongedwa kwa ufumu wa Aburgundi cha m'ma 436.

Maganizo a Akatswiri

Mipukutu yodziwika kwambiri ndi itatu: A umene uli ku Munich, B ku St. Gallen, ndi C ku Karlsruhe. Mu 1816 Karl Lachmann ananena kuti ndakatuloyi ndi nyimbo zifupizifupi zakale zimene zinalumikizidwa pamodzi, ndipo pambuyo pake anawerengamo nyimbo 20. Iye anadalira A, umene ndi waufupi, ndipo ndime zambiri anaziyesa zongowonjezera. Mu 1900 Wilhelm Braune anati B ndiwo uli pafupi ndi chiyambi. Andreas Heusler, mu 1905, anatsutsa Lachmann ponena kuti ndakatulo yaitali simabadwa posokerera nyimbo, koma potambasula nkhani imodzi. Mu 1963 Helmut Brackert anaonetsa kuti n'kovuta kutsata mipukutu yonseyi mpaka kufika pa gwero limodzi, popeza alembi ankatapanso kuchokera ku zimene anthu ankasimba pakamwa.

Kufunika kwa Mtsutsowu

Kusiyana kwa mipukutuyi kumakhudza funso la amene ali wolakwa. Mu B, Hagen ndi wachiwembu komanso wokhulupirika kwa mbuye wake mpaka imfa, ndipo mlakatuli sagamula mlandu. C amachepetsa mlandu wa Kriemhild, n'kumuonetsa ngati mkazi wamasiye wokonda mwamuna wake, pamene Hagen amusenzetsa tchimo lalikulu. Choncho wosankha mpukutu wasankhanso chigamulo.

Andale nawo anasankha zowakomera. Mu 1909 Bernhard von Bülow anatchula kukhulupirika kwa Anibelungi pokamba za ubale wa Germany ndi Austria-Hungary. Mu 1943 Hermann Göring anafanizira asilikali ozingidwa ku Stalingrad ndi Aburgundi m'bwalo la Etzel. Onsewa anatamanda kukhulupirika, osasamala kuti m'ndakatuloyi ndiko kumene kunathetsa mtundu wonse.

Pomaliza

Maganizo a Brackert ndiwo ogwira mtima kwambiri. C si B wolakwika, koma umboni wa mmene omvera ena akale anamvera nkhaniyi. Mu 2009 UNESCO inazindikira mipukutu itatu yonseyi pamodzi monga chuma cha dziko lonse. Wophunzira amene amatolera nthano kwa asimbi osiyanasiyana angatolepo phunziro: mmalo mosakasaka msimbi wolondola, afunse chimene aliyense wasintha ndi chifukwa chake.