Musanakweze katundu, yang'anani nambala ya pachitseko cha lole

FUNSO

Alangizi,

Ndine mayi wa ana awiri ndipo ndakhala ku South Bend, ku Indiana, zaka 9. Ndapeza ntchito ya unamwino ku Dallas, choncho mwezi wamawa ndikusamuka. Chilembereni pa intaneti kuti ndikufuna lole yonyamula katundu, foni yanga sikupuma. Kampani ina yanditchulira mtengo wotsika pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi ena onse, chonsecho katunduyo sanamuone n'komwe, ndipo akufuna dipoziti lero lomwe. Mnzanga wa kutchalitchi anati ndione kaye ngati boma limawadziwa. Ndaona, koma pamene pamayenera kukhala safety rating palembedwa None. Ndiwathawe? M'katundumo muli makina osokera omwe anandisiyira malemu mayi anga, ndinachita kubwera nawo kuchokera ku Zomba.

Mayi wa ku South Bend

YANKHO

Mayi, lero musalipire kalikonse. Mnzanuyo anakulozerani njira yolondola, kungoti mwayang'ana mzere umodzi pa tsamba lomwe lili ndi zambiri zokuuzani.

Popeza katundu wanu adutsa malire a Indiana kukafika ku Texas, nkhaniyi ili m'manja mwa FMCSA, nthambi ya unduna wa zamtengatenga ku America yomwe inakhazikitsidwa mu 2000. Kampani iliyonse yonyamula katundu wa anthu kudutsa malire otere imayenera kukhala ndi nambala ya USDOT. Mukalemba nambalayo pa tsamba la SAFER, mbiri ya kampaniyo imatuluka, ndipo n'zaulere.

Mawu akuti None asakuopseni, komanso asakulimbitseni mtima. Boma limapereka chigamulo pokhapokha akuluakulu ake akafufuza kampaniyo mozama, kuona mabuku a madalaivala ndi kasamalidwe ka malole. Zigamulozo zilipo zitatu: Satisfactory, ndiye kuti zinthu zili m'malo, Conditional, apeza zoperewera koma kampani ikuloledwabe kuyenda, Unsatisfactory, yoyenera kuimitsidwa. Makampani ambiri sanafufuzidwepo chotere, n'chifukwa chake None ali ponseponse. Ngakhale Satisfactory amene, onani deti lake. Chigamulo cha zaka khumi zapitazo chikunena za madalaivala omwe mwina anachoka kalekale.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ine m'kalata yanu ndi china. Munthu wotchula mtengo asanaone katundu, uku akukakamira dipoziti, kawirikawiri sakhala mwini lole. Amakhala broker, mkhalapakati. Kwathu tikanangoti dobadoba, ngakhale kuti kuno ntchitoyi ndi yololedwa ndipo broker weniweni amalembetsa ku boma n'kuika chikole cha madola 75,000. Iyeyu satenga katundu wanu. Amagulitsa ulendo wanu kwa kampani ina yomwe simunalankhule nayo, ndipo tsiku losamukalo anthu obwera pakhomo amatha kunena kuti mtengo uja sakuudziwa. Ndiye bwererani pa tsamba lija, muone pamwamba pomwe palembedwa Entity Type. Pakakhala Broker pokha, dziwani kuti lole alibe, ndipo n'chifukwa chake alibenso safety rating. Afunseni dzina ndi nambala ya kampani yomwe idzanyamuledi katunduyo. Akayamba kuzungulira, atsanzikeni.

Pakakhala Carrier, werengani modekha mizere yotsatira. Chilolezo chawo chikhale chamoyo, ndipo chitchule HHG, kutanthauza katundu wa m'nyumba, chifukwa chilolezo chonyamula simenti kapena chimanga sichikwanira. Onani chiwerengero cha malole ndi madalaivala. Kampani yomwe pafoni ikudzitama kuti ili m'dziko lonse koma kaundula akuonetsa lole imodzi yakunamizani kale musanayambe n'komwe. Adilesi ndi nambala ya foni zifanane ndi zomwe akupatsani, pakuti akathyali ena amangobwereka nambala ya kampani yabwino. Ine ndimalangiza kuti muimbe foni yomwe ili m'kaundula wa boma, osati yomwe anakuimbirani, mufunse ngati munthu mukulankhula nayeyo ndi wawo.

Munsi mwake muli zomwe zinapezeka malole awo ataimitsidwa pamsewu m'miyezi 24 yapitayi: anayenderedwa kangati, ndipo kangati pomwe lole kapena dalaivala analetsedwa kupitiriza ulendo. Pambali amaika chiwerengero cha dziko lonse kuti muyerekeze. Pa malole chimakhala pafupifupi imodzi mwa asanu aliwonse. Apa pamafunika chilungamo. Kampani yomwe inayenderedwa kawiri kokha n'kulephera kamodzi ioneka yoipa kwambiri pa pepala, pomwe mwina linali tayala limodzi. Ngozi nazo zimalembedwa posatengera kuti wolakwa anali ndani. Koma kampani yonena kuti yagwira ntchito zaka 20, pomwe chilolezo chake n'cha miyezi ingapo yapitayi, ndiyo ndimaiopa. Alipo eni malole omwe mbiri ikaipa amatseka kampani n'kutsegula ina ndi dzina latsopano, malole omwewo, anthu omwewo.

Za inshuwalansi, ambiri amasokonezeka. Madola 750,000 omwe lamulo limafuna pa malole akuluakulu ndi olipirira anthu ovulala ndi zinthu zoonongeka pamsewu, osati mipando yanu. Pa katundu wanu pali njira ziwiri. Yaulere imalipira masenti 60 pa paundi iliyonse ya kulemera kwa chinthu chomwe chaonongeka. Makina osokera olemera mapaundi 30 akaphwanyika, mudzalandira madola 18 basi. Inayo, Full Value Protection, imawonjezera mtengo koma kampani imakonza chinthucho, kugula china kapena kulipira mtengo wake. Musasaine pepala lokana njira yachiwiriyi musanaliwerenge, ndipo pepala lokhala ndi mipata yosalembedwa musalisaine mpang'ono pomwe.

Pezani makampani atatu, aliyense aone katundu, kaya pobwera kunyumba kaya pa vidiyo, akupatseni mtengo wolembedwa. Ngati mtengowo ndi wongoyerekeza, lamulo limati mukalipira 110 peresenti yake pa tsiku lofika, ayenera kutsitsa katundu wanu; zotsala amadzakulipiritsani pambuyo. Akakaniza katundu kuti muwonjezere ndalama, kadandauleni ku FMCSA msanga.

Tsiku losamukalo, lole ikangoima pakhomo, tulukani ndi pepala lanu m'manja. Dzina la kampani ndi nambala ya USDOT zimayenera kulembedwa mbali zonse ziwiri za lole. Werengani manambalawo mmodzimmodzi. Akasiyana ndi omwe munafufuza, kapena ikabwera lole yahayala yopanda dzina lawo, katoni ngakhale imodzi isatuluke m'nyumba mpaka atakuonetsani mapepala omveka.

Makina a mayi anu aja asakwere lole ya munthu aliyense, ngakhale kampaniyo itakhala ndi mbiri yoyera chotani. Akulungeni m'bulangete, muwaike m'galimoto yanu pamodzi ndi mapasipoti ndi masatifiketi anu a unamwino, mupite nawo nokha ku Dallas.