Mmene mungaonere mbalame kudambo mvula ikayandikira

Mwezi wa Novembala, mvula yoyamba ikayamba kugunda, ndi nthawi yabwino yotengera ana kudambo kukaona mbalame. Apa n'kuti anamzeze ndi mbalame zina zothawa chisanu ku Ulaya zitafika kale kwathu kuno. Ngati mumakhala pafupi ndi Nyanja ya Chilwa, yomwe inalowa m'gulu la madambo ofunika padziko lonse, kapena Elephant Marsh ku Chikwawa ndi Nsanje, muli ndi mwayi. Komabe dambo la kumudzi kwanu nalonso likwanira.

Konzekerani madzulo. Ikani pamodzi madzi akumwa, chipewa, kope ndi pensulo. Valani zovala zosawala, za mikono itaaitali chifukwa cha udzudzu. Magalasi oonera patali ndi odula, musavutike nawo poyamba. Maso ndi makutu anu ndi okwanira.

Lawirirani m'mamawa, mufike dzuwa lisanatuluke. Maola awiri kapena atatu ndi okwana, chifukwa kukatentha mbalame zambiri zimabisala m'mabango. Mukafika, pezani malo ouma, dzuwa likhale kumsana kwanu, mukhale pansi phee. Cholakwa cha ambiri n'kuyendayenda kulondola mbalame. Khalani malo amodzi, zibwera zokha.

Yambani ndi zosavuta kuzindikira: kakowa woyera amene amaima chiriri kudikira nsomba, nantchengwa wa mutu ngati nyundo, tsekwe, vuwo wa thumba kukhosi, ndi nkhwazi yomwe nthawi zambiri muimva kulira musanaione. Iliyonse yang'anani mlomo, miyendo ndi kadyedwe kake, kenako mulembe. Imene simukuidziwa funsani asodzi, maina ake amawadziwa bwino.

Samalani ndi madzi. Musalowemo, ana asasambe, chifukwa likodzo limakonda madzi odekha a m'mabango. M'mbali mwa Shire muli ng'ona ndi mvuu, choncho funsani eni dera malo oyenera kuima. Mukapeza chisa, musagwire mazira, ndipo legeni itsale kunyumba.

Kudambo lapafupi simulipira kanthu. Kwina ndalama imapita pa ulendo ndi pa bwato. Gwirizanani mtengo ndi mwini bwato musanakwere. Mukabwererako patatha milungu iwiri, tengani kope lomwelo, ana aone okha mbalame zimene zawonjezeka madzi atayamba kudzaza.